Singano ya Wailesi Inasamuka pa Mpamba

Msewu wochokera ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay sukwana makilomita 50, koma umatsika kosalekeza, ukukhota-khota m'mbali mwa mapiri mpaka makutu kutsekeka. Munthu amayamba kumva kutentha kwa kunyanja nyanjayo asanaione, ndipo pamene nthaka yayamba kuyala bwino m'pamene pali Mpamba, m'dera la Mfumu Timbiri. Ndi malo a malonda a m'mbali mwa msewu. Galimoto ikangoima, amayi amafika pa zenera ndi nthochi, nanazi, chinangwa ndi usipa wouma umene wakwera kuchokera kunyanja m'mawa womwewo. Chakumunsi kuli dambo la Limphasa kumene kumalimidwa mpunga, ndipo chakum'mawa kwaima mapiri a Kandoli amene amabisa nyanja. Kuno nsima yeni-yeni ndi kondowole, ndipo mlendo amene wapempha ya mgaiwa amapatsidwa ndithu, koma amamumvera chisoni.

Mapiri amenewa muwasunge m'mutu, amayi anzanga, pakuti nkhani ya lero yagona pa iwo.

Kuseri kwa msika kuli kakhumbi ka mnyamata wokonza mafoni. Pansi pa tebulo lake pali mulu wa mawailesi akale amene eni ake anawasiya kuti akonzedwe, osabweranso kudzawatenga. Ndinanyamula imodzi n'kuipukuta fumbi. Pa galasi lake panali mizere itatu ya manambala, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kunali zilembo: MW, SW ndi FM. Nditamufunsa ngati alipo amene amabwera kudzadandaula kuti MW yafa, mnyamatayo anaseka nati, "Ama, zimenezo palibe amazifunsa. Bola FM ilire." Iye mwini sankadziwa kuti zilembo ziwirizo zimaimira chiyani. Komatu pa mzere umenewo, wa medium wave, umene kunja amautcha AM, m'pamene makolo athu ankamvera wailesi ya dziko lino.

Wailesi inafika kuno isanafike m'midzi yambiri ya m'Malawi, chifukwa Atonga ndi anthu oyenda. Abambo a m'boma lino ankapita ku Joni, ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Northern Rhodesia, ndipo amene sanachone ankabwera ndi suti, njinga ndi wailesi. Mu 1949 kunatuluka wailesi yotchipa yotchedwa Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya yogonekedwa cham'mbali, imene inapangidwira anthu akuda a maiko atatu a chigawo chino. Mau ankachokera ku Lusaka, ndipo china mwa zinenero zimene ankaulutsa chinali Chinyanja. Tsono mu 1964, chaka cha ufulu wathu, inakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation, likulu lake ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Kampani ya Nzeru inayamba kulumikiza mawailesi konkuno kwathu, kotero kuti wailesi inaleka kukhala chuma cha matchona okha. Mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi ndi mlimi wa mpunga amene wagulitsa bwino, onsewa ankatha kukhala nayo.

Kuti mau a ku Chichiri afike kutali, boma linaimika makina oulutsira mau m'malo angapo, monga ku Lilongwe, ku Bangula, ku Karonga ndi ku Ekwendeni. A ku Ekwendeni ndiwo anali athu. Ekwendeni ali kuseri kwa Mzuzu, ndipo pakati pa iye ndi Mpamba pali mapiri okha-okha, koma mau ankafika.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mafunde a medium wave amayenda chokwawa ndi nthaka, monga umachitira utsi wa m'mawa: akapeza phiri amalikwera n'kutsikira kuseri, akapeza chigwa amalowamo. Mafunde a FM ali ngati kuwala kwa tochi. Amapita molunjika, ndipo chimene chaima patsogolo pake chimasiya mthunzi kumbuyo. Mudzi umene uli mu mthunzi wa phiri sumva bwino, ngakhale mlongoti uli pafupi. Ndiponso dzuwa likalowa, thambo la kumwamba limasanduka ngati denga limene limabweza mafunde a medium wave kuti agwere kutali, makilomita mazana ambiri. N'chifukwa chake usiku wailesi yakale inkadzaza ndi alendo. Mukasuntha singano pang'ono munkamva Chiswahili cha ku Dar es Salaam, mukasunthanso Chipwitikizi cha kutsidya kwa nyanja, kenaka nyimbo za ku Zambia. Ife ana tinkakhulupirira kuti anthu amenewo amagona masana.

Pa mzere wa SW pankabwera a kutali kweni-kweni. Wailesi ya ku South Africa, imene mu 1992 inasintha dzina kukhala Channel Africa, inkaulutsa m'Chinyanja, ndipo BBC inkamveka kuchokera ku London. M'chaka chimenecho, maepiskopi a Chikatolika atatulutsa kalata yao m'mwezi wa March, abambo ambiri ankatsekera chitseko madzulo, kuchepetsa mau, n'kuika khutu pa wailesi kuti amve zimene wailesi ya kwathu sinkanena. Amayi ankakhala pakhonde ngati akusenda chinangwa, koma maso ali kunjira.

Koma tsiku ndi tsiku, wailesi inali MBC basi, imodzi yokha dziko lonse. Inali wotchi ya pamudzi. Tadzuka Sitidziwa Anzathu ikayamba, mayi ankadziwa kuti madzi osamba a ana a sukulu achedwa. Kunali Nkhani za m'Maboma, kunali masewero a Kapalepale ndi Pamajiga amene ankasonkhanitsa mabanja atatu kapena anayi pa bwalo limodzi, kunali maphunziro a pa wailesi a ana amene sanapeze malo ku sekondale. Wailesiyo inkakhala pa kabati, yofunditsidwa kansalu kopetedwa maluwa, ndipo mwana sankaikhudza. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa, ena ankawamenya pang'ono ndi mwala, pokhulupirira kuti mphamvu idzuka. Inkadzukadi, kokwanira kumvera nkhani za madzulo.

Pulogalamu imene agogo a pa Mpamba amaikumbuka koposa zonse si ya nyimbo ayi, koma ya mauthenga a chisoni. Nthawi imeneyo kunalibe lamya m'midzi, ndipo kalata inkatenga sabata kapena kuposa. Munthu akamwalira ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, kapena ku minda ya tiyi ku Mulanje kumene anapita kukagwira ntchito, abale ake kuno ankamvera pa wailesi. Woulutsa ankatchula dzina la womwalira, mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake, kenaka maina a ofunika kumva. Nthawi ya pulogalamuyi ikakwana, pamudzi pankati zii, mtondo unkaima. Gogo wina wa ku Limphasa anandiuza kuti nyumba ya wailesi inali ndi udindo wolemera, pakuti mukamva dzina la mudzi woyandikana nawo munkatuma mnyamata usiku womwewo, mvula kaya mdima, kuti akagogode pa khomo la anamfedwa. Sankalipidwa kanthu, ndipo palibe ankafunsa ngati mabanjawo ankagwirizana. Uthenga wa maliro sunkagona m'nyumba ya mwini wailesi.

Komabe tisaikometse mopitirira, wailesi imeneyo. Inkafika paliponse, koma sinkalankhula chinenero cha pano. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cholamula unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zinenero za dziko, ndipo Chitumbuka, chimene chinkamveka pa wailesi kufikira nthawi imeneyo, chinachotsedwa. Chitonga ndiye sichinali m'kaundula n'komwe. Ambiri a ife Chichewa chimene tikulemba ndi kuwerenga pa tsamba lino tinachinola ndi pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa, ndipo sitidandaula kuti tinachidziwa. Koma agogo amene sanapite ku sukulu ankamva theka la malangizo a zaumoyo, theka lina n'kumafunsa adzukulu. Chitumbuka chinabwerera pa MBC mu 1994, boma litasintha. Mu 1996 kunalowa nkhani za m'Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, ndipo Chitonga chinatsatira pambuyo pa lamulo limene Pulezidenti Bakili Muluzi anapereka pa msonkhano wa m'boma lino mu 1997. Zinali mphindi zowerengeka patsiku, koma amene analipo amanena kuti tsiku loyamba anthu anaimirira kuzungulira wailesi ngati pabwera mkwati.

Zaka zomwezo ndizo zinasamutsa singano. Mu 1997 MBC inatsegula Radio 2 pa FM. Mu 1998 kunabwera lamulo latsopano la zofalitsa mauthenga, limene linakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka ziphaso, ndipo chaka chomwecho ku Monkey Bay inayamba wailesi ya Dzimwe, yoyamba ya m'dera m'dziko muno. Dziwani ichi amayi: amene anaiyambitsa anali amayi anzathu a bungwe la atolankhani aakazi la MAMWA, mothandizidwa ndi UNESCO, pofuna kuti mayi wa kumudzi amveke. Pambuyo pake zinachuluka. Zodiak inayamba mu 2005, ku Mzuzu kunabwera Radio Tigabane ya Akatolika ndi Voice of Livingstonia ya Sinodi, ndipo m'boma lathu lomwe lino munabadwa wailesi za m'dera za Usisya ndi Chirundu.

Apa pali chinthu chosiyana ndi maiko ena. Ku America, kumene wailesi inayamba kuulutsa kwa anthu onse cha m'ma 1920, pafupi-fupi tauni iliyonse inali ndi kawailesi kake ka AM, kolengeza maliro, mitengo ya mbewu ndi mpira wa ana a sukulu, ndipo anthu a kumeneko akudandaula kuti timawailesi timeneti tikutha. Kwathu kuno wailesi ya pakhomo yotere sinakhalepo pa medium wave. Mzere umenewo unali wa boma lokha. Wailesi yotchula dzina la mudzi wanu, ya mwana amene mukumudziwa amayi ake, inabwera ndi FM. Choncho ife tinataya china n'kupeza china, ndipo ziwirizi si zofanana.

Medium wave sinaphedwe ndi munthu mmodzi. Makina ake ndi aakulu, amadya magetsi ambiri, ndipo zipangizo zake zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Mau ake amathetheka kukachita ziphaliwali, ndipo kuno mvula imagwa yambiri kuposa madera ochuluka a dziko lino. Mababu a masiku ano, machaja a mafoni ndi timakina ta sola timatulutsa phokoso limene medium wave imalitola, FM osalimva. Koma chimene chinamaliza nkhani ndi foni ya m'manja. Wailesi ya mu foni ndi ya FM yokha, ndipo chingwe cha m'makutu ndicho eriyo yake. Mwana amene wakula ndi foni sanasunthepo singano. Kunja nakonso zili chimodzi-modzi: wailesi ya boma ya ku Germany inazimitsa medium wave kumapeto kwa 2015, makina aakulu a short wave a ku Meyerton ku South Africa, amene ankatibweretsera Channel Africa, anatsekedwa mu 2019, ndipo mu 2023 ku America kunabuka mkangano pamene makampani ena ankachotsa AM m'galimoto zoyendera magetsi. Kampani ya Ford inabweza ganizo lake aphungu a kumeneko atadandaula kuti pa nthawi ya ngozi AM ndiyo imafika kutali.

Dandaulo la aphungu amenewo ndi lathunso, ngakhale ife galimoto tilibe. Pitani ku Usisya mukaone. Mudziwo uli pa kachidikha kopanikizika pakati pa nyanja ndi phiri lalitali, msewu wotsikirako ndi woopsa nyengo ya mvula, ndipo kwa zaka zambiri njira yodalirika yakhala sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Malo otere ndiwo mthunzi weni-weni wa FM, ndipo sizodabwitsa kuti anthu a kumeneko anafuna wailesi yao-yao. Koma kawailesi ka m'dera kamafika pamene mlongoti wake ukuona basi. Magombe ang'ono-ang'ono a kumpoto ndi kumwera, obisika kuseri kwa mitu ya mapiri, amamva mwa apo ndi apo. Ngakhale pa Mpamba pomwe pano, nyumba ya pamtunda imagwira mawailesi ambiri, pamene ya kuchigwa, mtunda woyenda mphindi makumi awiri, imagwira imodzi kapena ziwiri, ndipo mwini wake amachita kuimika wailesi pa zenera.

Tsono ganizani za msodzi. Kuyambira mwezi wa May mpaka August mphepo ya mwera imaomba kuchokera kumwera, ndipo nyanja imene inali ngati mphasa madzulo imatha kusanduka mapiri usiku. Akulu-akulu sanaiwale sitima ya Vipya imene inamira mu July 1946 kufupi ndi Chitimba, n'kupha anthu 145. Ngati mwera unagonjetsa sitima ya chitsulo, bwato la mtengo ndi chiyani? Nthambi ya boma yoona za nyengo imachenjeza za mwera, ndipo chenjezolo limaulutsidwa pa wailesi. Funso ndi lakuti limafika kwa yani. Mkazi wa msodzi amene wamva chenjezo masana angathe kubisa nkhafi. Amene sanamve amangoperekeza mwamuna wake ndi maso.

Chaka cha 2022 chinatiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi. Mu January namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko lonse linakhala mu mdima wa kawiri-kawiri kwa nthawi yopitirira chaka. Magetsi akazima, mlongoti wa FM umene ulibe jenereta kapena sola umakhala chete, ndipo foni yosachajidwa ndi mwala. Chaka chomwecho kolera inafika m'boma la Nkhata Bay, limene linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Uthenga wakuti tithire mankhwala m'madzi, tisambe m'manja, tithamangire ku chipatala ku Mpamba kapena ku Mkondezi tikangoona kutsegula m'mimba, unayenda mofulumira kumene kunali wailesi yolankhula Chitonga. M'magulu athu a amayi zinkaoneka poyera: amene amamvera wailesi ankabwera ku msonkhano akudziwa kale, ena tinkachita kuyamba nawo pachiyambi.

Pali chinanso chimene sichikambidwa, ndipo chimatikhudza ife amayi makamaka. Kalembera wa 2008 anapeza kuti pafupi-fupi nyumba ziwiri mwa zitatu zilizonse m'Malawi zinali ndi wailesi. Wa 2018 anapeza nyumba imodzi yokha mwa zitatu, pamene zoposa theka zinali ndi foni. Ena amati palibe chatayika, wailesi yangolowa mu foni. Koma foniyo imakhala m'thumba la yani? M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ndipo m'mawa imapita ndi bambo ku msika, kunyanja kapena ku bawo. Ikakhala ya mnyamata, iye amatseka makutu onse awiri n'kumaseka yekha. Wailesi ya pa kabati inali ya bambo ndithu, koma inkalankhula mokweza, ndipo mayi ali kukhitchini, mpongozi, mwana ndi mlendo wodutsa onse ankamva. Lero nyumba ingathe kukhala ndi mawailesi makumi awiri m'thumba la munthu mmodzi, mayi wa m'nyumbamo osamva ngakhale imodzi.

Nawo mawailesi a m'dera akuyenda pa ulusi. Ambiri mwa achinyamata amene mumawamva amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo akaphunzira bwino ntchito amatengedwa ndi mawailesi a m'tauni. Otsatsa malonda aakulu ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe; wogulitsa nthochi pa Mpamba alibe cholengezetsa. Mu 2022 bungwe la MACRA linalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mau chifukwa cholephera kulipira ndalama za pachaka, ndipo mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, kotero kuti chipangizo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Makina akapsa ndi mphenzi, wailesi ingathe kukhala chete miyezi, kudikira wachifundo.

Ine sindikhulupirira kuti medium wave idzabwerera m'nyumba zathu monga kale, ndipo sindingauze mayi kuti asiye mau oyera a FM n'kubwerera ku kuthetheka. Koma ndikanakhala ndi mpando kumene amagamula zinthu, ndikanapempha kuti dziko likhale ndi makina amphamvu a medium wave osamalidwa bwino, ndi jenereta yao, ngakhale ochepa, chifukwa cha tsiku limene milongoti idzagwe ndi namondwe monga anachitira Freddy ku chigawo cha kumwera mu March 2023. Nkhokwe sitiigwetsa chifukwa chakuti chaka chino chimanga chili pa msika. Ndikanapemphanso kuti mawailesi a m'dera asalipitsidwe ngati kuti ndi a malonda a mumzinda.

Zimenezo ndi za akulu-akulu. Zathu ndi zapafupi. Makalabu a Zokonda Amayi, amene anabadwa kuchokera ku pulogalamu ya MBC ndipo ali m'maboma ambiri, anasonyeza kale kuti amayi omvera pamodzi amatha kuchita zinthu zooneka, monga kuyendera odwala m'zipatala ndi kuthandiza ana amasiye. Gulu lina la banki m'khonde pa Mpamba lachita chinthu chaching'ono chimene ndachikonda. Pogawana ndalama kumapeto kwa chaka, anapatula pang'ono n'kugula wailesi ya gulu, yochajidwa ndi dzuwa, yolankhula mokweza. Anagwirizananso kuti uthenga wa maliro kapena wa msonkhano azikaulengezetsa ku wailesi ya m'dera ndi kulipira, m'malo mopempha ulere, pakuti ndalama zimenezo ndizo zimagula mafuta a jenereta.

Mkangano unabuka pa za kosungira. Ena anati kwa mayi wapampando, ena anati kwa msungichuma pamodzi ndi bokosi la ndalama. Mayi wina wachikulire anakana zonse ziwiri, nati nyumba zimenezo zili pamtunda ndipo eni ake ali ndi mafoni ao-ao. Wailesi ipite kumene kulibe. Tsono inayamba kuyenda, sabata imodzi nyumba imodzi, kuyambira kuchigwa. Kumeneko poyamba inkangogwira siteshoni imodzi, mpaka mdzukulu wa mwini nyumba anamangirira waya ku eriyo n'kuukweza mu mtengo wa mango. Tsopano ikugwira zinayi, ndipo wayayo amayenda limodzi ndi wailesi, atakulungidwa m'kansalu.